Musagule ma watts a pakatoni

Anzanga a kunyanja, ndalama ya usipa timaipeza titagona pamadzi, ndiye tisamaitaye chifukwa cha nambala zikuluzikulu. Katoni ikalembedwa PMPO, n'zokopa chabe. Inu funsani RMS. Pabalaza pa bambo ndinaikapo masipika awiri a 8 ohms ndi ampulifaya ya ma watts 50 mbali iliyonse. Mpira umamveka mpaka pakhonde. Zija za masipika asanu ndinazisiya dala, awiri abwino amaposa asanu olira ngati chitini. Onaninso kumbuyo kwa ampulifaya. Ikalembedwa 8 ohms inu n'kulumikiza a 4 ohms, imatentha, mwinanso kupsa kumene. Musanalipire, aikeni nkhani za pa wailesi, mumve ngati mawu akumveka bwino. Madala amafuna nkhani, osati kugwedeza malata.