Galu wanga anaphunzira pa chitsononkho

Awerengi, ine ndinakulira kumudzi kuseri kwa Mponela, njira yopita ku Ntchisi, komwe munthu wamkulu sasewera ndi galu. Malemu bambo anga ankati galu ukamuzoloweza amakunyambita kukamwa. Ndiye wathu ankakhala pa tcheni tsiku lonse, m'nsima mwake ankathiramo tsabola kuti azilusa, akalakwa inali ndodo basi.

Nditamanga banja pafupi ndi msewu wa M1, ndinachita zomwezo. Galu wanga woyamba analusadi, koma kundimvera ayi. Ndikamuitana ankalowa pansi pa nkhokwe. Tsiku lina anadula chingwe n'kuluma mwana wa aneba pamwendo. Mwanayo anakalandira jakisoni wa chiwewe kuchipatala, ine kwa amfumu ndinalipa mbuzi. Aneba ananena poyera kuti galu wanga wina akadzapondanso pakhomo pawo adzadya tameki.

Wachiwiri tinamutcha Zatha. Ameneyu anandilanda ndi mwana wanga wamkazi wa sitandade 5. Ndikubwera kumunda ndinampeza akuponya chitsononkho, kagaluko n'kumathamangira.

"Iwe, ukupusitsa galuyo!" ndinakalipa.

"Ababa, taimani kaye muone," anandiyankha.

Anali ndi zitsononkho ziwiri. Akaponya chimodzi amati "bwera", galu n'kubwera nacho. Kenako amati "siya", ndipo chachiwiricho saponya mpaka choyamba chigwe pansi. Mano akangokhudza dzanja, mtsikanayo amaimirira, kutembenuka, masewera athera pompo. Kwa Zatha chimenecho chinali chilango chowawa kuposa ndodo yanga.

Pambuyo pake ndinazindikira chifukwa chake. Galu amalumikiza mphoto kapena chilango ndi zimene akuchita nthawi yomweyo. Mukamumenya madzulo chifukwa cha dzira limene anaba m'mawa, iye amangophunzira kuti kubwera kwa inu n'koopsa. Ndipo nanu mukamuitana n'kumumenya atafika, mawa abweranso bwanji? Ngakhale agalu apolisi onunkhiza mankhwala ozunguza bongo m'mabwalo a ndege, ambiri malipiro awo ndi mpira woseweretsa.

Ndinayamba kulowa nawo m'masewerawo, ngakhale ndimachita manyazi anthu akamadutsa popita kumsika. Mphindi 5 kapena 10 zokha, m'mamawa kapena dzuwa likapendeka, chifukwa mwezi wa Okutobala dothi la kuno limawotcha mapazi a galu. Timasiya iye akadafunabe. Katemera wa chiwewe ndinamubayitsa ali ndi miyezi itatu, pamenepo ndiye sindinyengerera.

Mayeso enieni anabwera nthawi yokolola. Thadzi la aneba omwe aja linalowa pabwalo pathu kudzatola chimanga, Zatha n'kuligwira. Mtima wanga unati phaa, ndikuona kale tameki ndi bwalo la amfumu. Dzanja linapita lokha pa ndodo, koma pakamwa panatuluka mawu a mwana uja: "Zatha, siya!"

Anasiya. Nkhuku inathawa itathothoka nthenga zingapo za kumchira, galu n'kukhala pansi akundiyang'ana m'manja, kudikira chitsononkho. Ndinachifunafuna mofulumira n'kumuponyera.

Anzanga kubawo amati galu wosewera salondera. Chaka chomwecho anthu awiri anabwera usiku kuchigafa changa cha fodya. Zatha anauwa mpaka mudzi wonse unadzuka, ndipo woyamba kufika ndi tochi anali aneba aja.