Viniga adachoka pa chiwaya n'kukhala mankhwala

Ife tikukula, viniga tinkamudziwira pa chiwaya. Wogulitsa tchipisi ankamuthira m'botolo la pulasitiki, n'kuboola chitsekerero ndi msomali, ndipo ukagula ankakuwazira pamwamba pa kabichi, mchere ndi tsabola. Ntchito yake inkathera pomwepo. Munthu akadanena kuti madzi owawasa amenewo amamwa m'mamawa asadadye kanthu, tikadamuyang'ana kawiri.

Lero lowani m'nyumba za m'tauni. Pa shelefu, pafupi ndi Panado, mupeza botolo la viniga wa maapozi lochokera ku South Africa kapena ku America, la mtengo woti mungagulire ndiwo za masiku angapo. Mlamu wanga samadya kadzutsa asadamwe supuni imodzi m'kapu ya madzi ofunda. Mukamufunsa amawerenga pa zala: amasungunula mafuta, amatsitsa shuga, amatsuka m'mimba, amachepetsa BP. Adamva kwa ndani? Pa WhatsApp, m'gulu la amayi a kumpingo.

Viniga sadasinthe. Chidasintha ndi chomwe timaopa. M'zaka za m'ma 1990 kuonda ndiko kunali koopsa. Munthu akangotsika thupi, anthu ankanong'onezana pa maliro ndi pa mjigo, chifukwa Edzi inali itatenga anthu pafupifupi m'banja lililonse. Kunenepa kunali umboni wakuti uli bwino komanso zikukuyendera, ndipo mkazi wokwatiwa akanenepa ankati mwamuna akusamala. Boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, mantha aja adayamba kuzilala, koma padabwera ena. Tidasiya khasu n'kukhala pa mpando tsiku lonse, tikukwera minibasi ndi kabaza pomwe kale tinkayenda pansi, tikumwa zozizilitsa kukhosi zodzaza shuga. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, omwe tinkati ndi a mabwana, adafika kwa mphunzitsi ndi kwa mayi wogulitsa tomato. Munthu wamantha amafuna chogwira m'manja, ndiye botolo lija lidapeza msika.

Mbiri yakuti viniga ameneyu ndi mankhwala a chilichonse si ya kuno, komanso si yatsopano. Mu 1958 dokotala wina wa ku Vermont ku America, D. C. Jarvis, adatulutsa buku lotchedwa Folk Medicine lolimbikitsa kumwa viniga wa maapozi wosakaniza ndi uchi, ndipo lidagulidwa kwambiri. Kapangidwe kake nako n'kosadabwitsa kwa aliyense amene adaonapo mowa wa masese ukusasa. Yisiti imasandutsa shuga wa m'madzi a maapozi kukhala mowa, kenako mabakiteriya amasandutsa mowawo kukhala asidi wotchedwa acetic acid. M'botolomo asidiyu amakhala pafupifupi 5 peresenti, kwinako ndi madzi. Asidi wake ndi yemweyo wa mu viniga woyera wa pa chiwaya uja.

Sindikunena kuti zonse ndi bodza. Akatswiri ena, monga Carol Johnston wa ku Arizona State University, adapeza kuti kumwa viniga pang'ono pamodzi ndi chakudya cha sitalichi kumachepetsako kukwera kwa shuga m'magazi munthu akangomaliza kudya. Koma kafukufuku wotere amachitika pa anthu ochepa, kwa nthawi yochepa. Ku Japan mu 2009 adayesa anthu 175 onenepa kwa milungu 12. Omwe ankamwa supuni imodzi kapena ziwiri pa tsiku adatsika kilogalamu imodzi kapena ziwiri, ndipo atasiya, thupi lidabwerera. Ochita kafukufukuyo anali antchito a kampani yopanga viniga, zomwe mauthenga a pa foni aja satchula. Kafukufuku wina wa ku Lebanon, yemwe adamveka padziko lonse mu 2024 ponena kuti achinyamata adataya makilogalamu 6 mpaka 8, magazini yomwe idamusindikiza idamuchotsa mu 2025 chifukwa manambala ake anali okayikitsa. Uthenga woyamba udazungulira m'mafoni athu, wachiwiriwu sindidauone ukutumizidwa ndi aliyense.

Chomwe chimandidetsa nkhawa si supuni ya mlamu wanga, poti iye amasungunula m'madzi ambiri. Ndi aja amamwa wosasungunula, pomwe asidi amadya mano ndi kuwotcha kummero. Ndi aja ali ndi chilungulira kapena zilonda za m'mimba koma akulimbikira poti wowawa ndiye mankhwala. Koposa onse, ndi bambo amene wasiya metformin kapena mapiritsi a BP omwe adalandira ku chipatala, ati tsopano ali pa zachilengedwe. BP siichenjeza, ambiri amaidziwa atagwa kale sitiroko.

Chodabwitsa n'chakuti viniga alidi ndi ntchito yopulumutsa moyo m'zipatala za ku Malawi, koma ntchitoyo sitiimva pa WhatsApp. Dziko lathu lili m'gulu la mayiko omwe khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi ambiri padziko lonse. Poyeza khansayi m'njira yotchedwa VIA, namwino amapaka asidi yemweyu, wa 3 mpaka 5 peresenti, pa khomo la chiberekero. Pakatha mphindi imodzi, malo omwe ayamba kusintha amaoneka oyera, ndipo akapezeka msanga amathandizidwa asadasanduke khansa. M'zipatala za boma kuyezaku n'kwaulere.

Tsono amayi a m'magulu aja, nanunso alamu, musadagule botolo lina, kayezetseni. Ndipo amene ali pa mankhwala a shuga kapena a BP asasiye ngakhale tsiku limodzi chifukwa cha viniga.