Kabango ka Ambuya

Ambuya anga, amene anabala amai, anali ndi kabango kotalika ngati cala capakati. M'menemo anali kusungiramo singano zao zitatu. Kukamwa kwace anali kutsekako ndi kamtengo kosema, ndipo kunja kwace anajambulako mizere yonga mphini ndi waya wamoto. Kabangoko anakamangirira ku cingwe ca mikanda yofiira, nacibvala m'ciuno usana ndi usiku. Ine ndinali kuseka mumtima, kuti nanga kanthu kakang'ono cotere akakometseranji?

Tsiku lina la dzinja, pamene ndinali ndi zaka 9, munga unandilasa kuphazi. Ambuya anali kusamba, ndipo cingwe cija anacisiya pamphasa. Ndinaturutsa singano yaing'ono, ndinazula nayo mungawo, koma pomva mapazi ao ndinaisomeka msanga m'udzu wa tsindwi. Inakhala momwemo masabata awiri, mvula iri kugwa.

Madzulo a tsiku lakuti mawa titsegulira sukulu, kabudula wanga anang'ambika. Ambuya anatsegula kabango, nawerenga, napeza ziwiri zokha. Anandiyang'ana nati, "Mdzukulu wanga, yacitatu iri kuti?" Ndinayankha, "Pepani ambuya, ndinaitenga ndine." Pamene ndinakaizula patsindwi inali itafiira ndi dzimbiri, ndipo inathyoka pongoilasa pansaru. Sitoro inali kutali, njira ya ku Katete, ndipo ndalama panalibe.

Nditakula ndinawerenga kuti si ambuya okha amene anali kulemekeza singano motere. Ku France, m'zaka za ma 1700, anthu olemera anali kuyenda ndi kabokosi kochedwa étui, kagolidi, kasiliva kapena ka mnyanga wa njobvu. M'katimo munali singano, kasizasi, ndi tina totere tofunika paulendo. Anthu a mtundu wa Inuit, okhala kumaiko ozizira a kumpoto, anali kusema pfupa kapena mnyanga wa nyama ya m'nyanja. Singano anali kuzisomeka pakacikopa, nakokera kacikopako m'kati mwa pfupalo. Kwa iwo inali nkhani ya moyo ndi imfa, pakuti munthu wa cobvala cong'ambika sakhalitsa m'cisanu cotero. Pa tonseti, ine ndiyesa kuti kabango ka ambuya kali pafupi ndi ka Inuit koposa kagolidi kaja, cifukwa mwini wace ndiye anakapanga, ndipo anali kudziwa kubvuta kwace kwa kupeza singano yina.

Usiku uja ambuya sanandikwapule. Singano yapakati anaikaniza, nati njosokera malaya ao a ku chalichi. Anatenga yaikuru yosokera masaka, nasoka kabudula wanga pa moto wa nkhuni. Msoko wace unali waukuru ngati mano a ng'ona, ndipo anzanga anandiseka cigawo conse ca sukulu. Kabangoko kali ndi ine tsopano, ndipo ndikacita kukagwedeza pakhutu singano ziwiri zija zimalira.