Hita ya azakhali ndi madzi a ku Chilwa

Mukachoka mu mzinda wa Zomba kulowera ku Kachulu, phiri limatsala kumbuyo, msewu umatsetserekera m'minda ya mpunga, ndipo fungo la matemba ouma limakupezani musanaione nyanja. Ndinapita mu June, pomwe kusamba madzi ozizira m'mawa ndi chilango.

Azakhali amakhala pa kamsika kena pa msewu womwewo. Giza alibe, ali ndi hita ija yoviika m'ndowa. Tsiku lomwe ndinafika inali itawaukira: madzi osatentha, ndipo mdzukulu wawo atapisa chala kuti amve ngati afunda, magetsi anamugwedeza mpaka m'chigongono.

"Mwanawe, chinthuchi chandidyera mayunitsi, pano chikufuna mwana," anatero.

Mmisiri yemwe tinamuitana sanathamangire kumasula. Anayamba walumikiza tchaja ya foni pa soketi: ili bwino. Fyuzi ya m'pulagi: yamoyo. Kenako anatulutsa kamita kake. Hita ya 2000W pa magetsi athu a 230V imayenera kuonetsa ma ohm pafupifupi 26, ndipo pakati pa pini ya moto ya pulagi ndi chitsulo chakunja sipayenera kudutsa kanthu. Apa pankadutsa. Atapala zoyera zomwe zinamatirira ngati phulusa louma, mng'alu unaoneka.

Mlandu unagwera madzi. Chilwa ilibe mtsinje wotulukira. Likangala, Domasi ndi Phalombe imathira, dzuwa limamwa, mchere umatsala. Nyanjayi inafika pouma mu 1968 ndi 1995. Mijigo ina ya m'chigwachi madzi ake amamveka kamchere, sopo sachita thovu msanga. Mukawatenthetsa, laimu amakuta chitsulo, kutentha kumasowa kotulukira, chitsulo chimang'ambika, madzi n'kukhudza waya wamkati.

Akanaiviika kale mu viniga kapena madzi a mandimu, zoyerazo zikanasungunuka. Koma yong'ambika sakonza. Azakhali anafunsa za tepi, mmisiri anakana, ndipo ndinamukonda pamenepo, chifukwa ena akanakulunga n'kulandira yawo. Anawauzanso kuti yatsopano aziyiviika kaye asanayatse, ndowa ikhale yapulasitiki, ndipo dzanja lisalowe asanazule pulagi.

M'mawa mwake ndinasamba madzi a pa mbaula, onunkha utsi, n'kuthamangira boti la ku Chisi. Hita yakufayo azakhali anaidula chingwe kuti wina asaitole kudzala.