Makalata 12 mu envulopu ya khaki

Mwana wa mlongo wanga anatsika minibasi yochokera ku Mzuzu atakumbatira envulopu ya khaki ngati muli ndalama. Munali makalata 12, mawu ake ofanana, kusiyana dzina la ofesi pamwamba. Ali chaka chachitatu ku Mzuni, amaphunzira za nsomba ndi zamoyo za m'madzi, ndipo sukulu imafuna kuti asanamalize akagwireko ntchito penapake, ija ophunzira amati atachimenti. Asanamwe ndi madzi omwe, anandifunsa kuti, "Asibweni, palibe amene mukumudziwa?"

Ndinayamba ndakwiya. Osati ndi iye, koma ndi funsolo, chifukwa ine pa msinkhu wake sindinalifunsepo munthu.

Mu 1992 ndinali ku Chancellor College ku Zomba, ndikuphunzira bayoloje. Tchuthi chachikulu chitayandikira, mphunzitsi wathu anandiitana mu ofesi, nandifunsa kwathu. Nditati ku Nkhata Bay, anaseka, akuti ndiye bwanji ndimavutika kuwerenga za nyanja m'mabuku. Anatayipitsa kalata imodzi yokha, nadinda chidindo. Ndinakwera Ilala ku Monkey Bay kalatayo ili m'thumba la malaya, ndipo Lolemba lotsatira ndinali kale pagombe ndi anthu a zansomba, pensulo kukhutu.

Ntchito yake inali yonunkha, ndipo ndinaikonda. Tinkadzuka tambala woyamba kukadikira mabwato a chilimira. Usiku wonse nyali za parafini zimakhala zikuyaka pakati pa nyanja ngati mudzi wina, siginala ali m'bwato lake kukopa usipa kuti ubwere pamwamba. Akakocheza, ife timawerenga ndowa, kutapako pang'ono, n'kumayeza nsomba imodziimodzi pa kathabwa kokhala ndi rula. Zina tinkazitumbula kuti tione ngati zili ndi mazira. Bambo wina wachikulire amene ankandiyang'anira sanapite patali ndi sukulu, koma akangoyang'ana mtundu wa madzi ndi kumene mphepo ikuchokera, amakuuzani ngati mawa kudzakhale utaka. Ndiye anandiuza kuti miyala ya pagombe lathu, imene tinkadumphirapo tili ana, inalembedwa m'mabuku a sayansi. M'zaka za m'ma 1950 kunali akatswiri a kafukufuku wa nsomba pa Nkhata Bay pomwepa, ndipo mmodzi wa iwo, Geoffrey Fryer, anakhalira kusuzumira mbuna za m'miyalamo, kuona imene imapala ndere ndi imene imadya tizilombo. Zimene anapeza zinatuluka mu 1959, ndipo mu 1972 iye ndi T. D. Iles analemba buku la nsomba za m'nyanja zikuluzikulu za mu Africa limene ndinali nditaligwirapo kale ku laibulale ya ku Zomba, osadziwa kuti likunena za kuseri kwa nyumba yathu. Zinandiwawa pang'ono. Ife mbunazo tinkazitcha nsomba za ana, zosayenera ndi kondowole yemwe.

Choncho pamene mtsikanayu anandionetsa makalata ake, pakamwa panga panadzaza mawu akuti kale zinthu zinali bwino. Ndinawameza. Khomo linali lotsegula chifukwa oima pakhomopo tinali ochepa. Yunivesite ya boma inali imodzi m'dziko lonse. Mwa anzanga onse amene tinayambira limodzi Sitandade 1, palibe wina anafikako, ndipo ena anali anzeru kundiposa. Anathera ku usodzi, kapena ku Joni, monga achitira Atonga kuyambira kalekale. Atsikana m'kalasi mwathu tinkawawerenga ndi zala za dzanja limodzi. Kalata imodzi inkakwanira chifukwa inkachokera kwa bwana kupita kwa bwana mnzake, m'dziko limene kalata yodindidwa sinkakanidwa wamba.

Kenako kunabwera pulayimale yaulere mu 1994. Mzuni inatsegula zitseko mu 1999, Bunda inaima payokha n'kukhala LUANAR, MUST inayamba ku Thyolo mu 2014, osawerengera makoleji omwe si aboma. Ana amene kale akanatsalira pagombe tsopano ali ndi ma lab coat. Koma malo ochitira sayansi m'boma lathu sanachuluke pa liwiro lomwelo. Mungawatchule osapuma: ofesi ya zansomba, siteshoni ya kafukufuku wa zaulimi ya Mkondezi komwe amayesa mbewu za chinangwa, labotale ya chipatala, a zamadzi, esiteti ya mphira ya Vizara, ya tiyi ya Kawalazi, sikimu ya mpunga ya Limphasa. Pa tchuthi chimodzi, onsewa amalandira ma envulopu a khaki ochokera kumpoto, pakati ndi kummwera.

Tinayenda naye masiku atatu. Pa ofesi ina anatiuza kuti ali kale ndi ophunzira 9 pa maikulosikopu imodzi. Pena analandira kalata mwaulemu, n'kuiika pa mulu wa zinzake umene unali utayamba kuchita fumbi. Pena ananena mosabisa kuti malo alipo, koma alawansi palibe, chakudya ndi malo ogona adzionere yekha. Apa m'pamene pali kusintha kumene kumandidetsa nkhawa kwambiri. Ine ndinkalandira kangachepe kogulira sopo, ndipo tchuthi chitatha ndinabwerera ku Zomba ndi nsapato zatsopano. Lero wophunzira amalipira kuti agwire ntchito. Wathuyu ali ndi mwayi, amagona kwa amalume ake n'kudya nsima ya azakhali. Mnzake wa ku Chitipa, amene amakhoza kumuposa, anakachitira atachimenti pa ofesi ya kufupi ndi kwawo yosakhudzana n'komwe ndi maphunziro ake, kumene ankangojambula mapepala pa makina, chifukwa lendi ya miyezi itatu kunyanja sakanaikwanitsa. Boma linayambitsa ndondomeko yolemba achinyamata ophunzira ntchito mu 2018, koma imeneyo ndi ya omaliza maphunziro. Amene akadali pasukulu amadziyendera okha.

Ndisanamizire kuti zonse zinaipa. Ine ndinkadziwa khomo limodzi lokha, iye amadziwa ambiri. Pa gulu lawo la WhatsApp amauzana za mabungwe, za ofufuza ochokera kunja amene akufuna wothandiza wodziwa Chitonga, za maphunziro a pa intaneti. Bungwe ngati Ripple Africa, limene limagwira ntchito ndi makomiti a asodzi m'mphepete mwa nyanja muno poteteza malo oswanirana nsomba ndi kuletsa kuwedza ndi neti za udzudzu, m'nthawi yanga kunalibe. Ndipo iye amafunsa mafunso amene ine mu 1992 sindikanayerekeza kufunsa munthu wovala tayi.

Malo sanapezeke kudzera mwa ine. Anthu amene ndinkawadziwa ena anapuma, ena tinawaika m'manda. Anapezeka kudzera mwa mayi wina wogulitsa usipa wouma amene timapemphera naye, yemwe ali mu komiti ya pagombe. Iye ndiye anamutengera kwa mlangizi wa zansomba amene ankasowa womuthandiza kulemba za nsomba zogwidwa pa madoko awiri. Kalata ya ku Mzuni inadindidwa pambuyo, ntchito itayamba kale.

Sabata yatha ndinamuperekeza mbandakucha. Nyali za panyanja tsopano ndi za mabatire, zoyera mbee, ndipo mabwato ambiri ali ndi injini. Manambala amawalemba pa foni. Koma kathabwa ka rula n'komweko, ndipo manja ake anali mamba okhaokha. Msodzi wina anaima pambali pake akuyang'ana usipa umene amayeza, nati, "Mwanangu, ulembe kuti masiku ano timaupeza kutali, mafuta akutithera." Iye anayang'ana pa foni, nandiyang'ana ine, n'kunena kuti fomuyo ilibe malo olembapo zimenezo. Ndinapapasa m'thumba la jekete, ndinamupatsa pensulo, ndipo analemba kuseri kwa imodzi mwa makalata aja amene anatsala.