Njira Yopita kwa Achimwene

Pamene tinali kuphunzira Chipangano Chakale ku seminale, mutu 23 wa buku la Levitiko tinkaudumpha msanga, poyesa kuti ndi mndandanda chabe wa masiku a anthu amakedzana. Lero tauwerenganso mtima uli phamphu, pakuti papita zaka ziwiri ife ndi achimwene athu tisanapatsane moni, chifukwa cha munda umene anasiya malemu mayi athu.

Mwezi wachisanu ndi chiwiri, umene Ayuda amautcha Tishri, umayamba mu September kapena kumayambiriro kwa October. Pa tsiku loyamba amaliza lipenga la nyanga ya nkhosa yamphongo, lotchedwa shofar. Limeneli ndilo tsiku la Rosh Hashanah, chiyambi cha chaka chao, ndipo aphunzitsi ao amati pa tsikuli anthu onse amadutsa pamaso pa Mulungu kuti aweruzidwe. Komabe mlandu sugamulidwa pomwepo ai. Woweruza amapereka masiku khumi, kufikira Yom Kippur, tsiku lopepesera machimo.

Kale pa tsiku limenelo mkulu wa ansembe ankalowa m'Malo Oyera Koposa, tsiku limodzi lokha pa chaka. Ankasanjika manja pamutu pa mbuzi, naulula machimo a fuko lonse, ndipo mbuziyo ankaipirikitsira ku chipululu. Chigwetsere Aroma Nyumba ya Mulungu m'chaka cha 70, nsembezo zinaleka; kunatsala kusala zakudya, mapemphero ndi kutembenuka mtima. M'mawa mwa tsikulo amawerenga Yesaya 57 ndi 58, m'mene Mulungu alonjeza kuchiritsa munthu ngakhale waona kale njira zake zokhota. Chakumadzulo amawerenga za Yona, mneneri amene anapsa mtima poona kuti mzinda wa Ninive wakhululukidwa. Woweruza wao ali ngati sing'anga: dzanja lotumbula chithupsa ndi lomwelo limene limamanga bala.

Chimene chatilasa ife ndi chiphunzitso cha Mishnah, buku la malamulo ao limene linasonkhanitsidwa cha m'ma 200. Bukuli limati Yom Kippur imafafaniza zimene munthu walakwira Mulungu, koma zimene walakwira mnzake sizifafanizika kufikira atapita kukampepesa. N'chifukwa chake Myuda wopembedza amagogoda pa khomo la amene anamulakwira tsikulo lisanafike. Ambuye Yesu anaphunzitsa zomwezo pa Mateyo 5, polamula kuti mphatso iyambe yadikira pa guwa mpaka abale atayanjana. Mau amenewa tawalalika kangapo konse. Mkwiyo wathu tinakaulapa kwa wansembe mnzathu, koma njira yopita kwa achimwene yamera udzu.

Pakapita masiku asanu chichitikire Yom Kippur, Ayuda amalowa m'misasa yofolera ndi nthambi imene amanga, nadyeramo masiku asanu ndi awiri, pokumbukira ulendo wa makolo ao m'chipululu. Chikondwererochi, chotchedwa Sukkot, amachitcha nyengo ya chimwemwe, ndipo sichidza anthu asanayanjane.

M'chaka cha 1965 Msonkhano Wachiwiri wa Vatican unatikumbutsa kuti chuma chauzimu chimene tigawana ndi Ayuda ndi chachikulu. Ife taonamo ngongole yathu. Akuluakulu amati mlandu suola, komanso amati chibale ndi fupa, sichiola. Loweruka likudzali tikwera basi ya m'mawa kupita kumudzi. Kaya achimwene akatiyalira mphasa, kaya akatisiya tili chilili pabwalo, ife tikaodira pa khomo lao. Abale okondedwa, mutipempherere, ndipo amene ali ndi khomo lotere ayambe kuganiza za ulendo wake.