Ku Joni ndi Maola Angati?

Ntchito yanga ndi yokonza ulendo wa ndege isananyamuke. Ndimakhala mu ofesi ndi mapu, malipoti a zanyengo ndi kompyuta, ndipo pepala limene ndimatulutsa ndi limene woyendetsa ndege amaliwerenga n'kusainira asanakwere. Pepalalo limanena njira, kutalika kwa mmwamba momwe adzauluke, mafuta ndi nthawi.

Anthu akamva zimenezi, funso lawo limakhala limodzi: ku Joni ndi maola angati? Kuchokera pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi kukafika pa bwalo la OR Tambo ku Johannesburg ndi makilomita pafupifupi 1,500. Ndege ya jeti imathamanga makilomita oposa 800 pa ola, choncho wodziwa masamu anganene kuti maola awiri sakwana. Komatu pa tikiti pamalembedwa pafupifupi maola awiri ndi theka, chifukwa timayamba kuwerenga ndege ikangosuntha pamalo oimikapo. Kuyenda pansi, kukwera, kutsika pang'onopang'ono, kudikira mzere wa ndege zina ku Johannesburg, zonsezo ndi mphindi. Mwayi wake, Malawi ndi South Africa nthawi yathu ndi imodzi, wotchi simuisintha.

Njira yowongoka imadutsa pamwamba pa Zambezi m'chigawo cha Tete, kulowa Zimbabwe chakum'mawa kwa Harare, n'kuwoloka Limpopo cha ku Beitbridge, pomwe a pabasi amachezera pamzere wa chidindo. Ndikamajambula mzerewu ndimawakumbukira.

Chimene chimandidyera nthawi ndi mphepo. M'miyezi ya June ndi July, pamtunda wa makilomita 10 kapena 11 mmwamba, kumwera kuno kumawomba mphepo yamphamvu yochokera kuzambwe. Ndege yopita ku Joni imalunjika kumwera chakumadzulo, ndiye imalimbana nayo ngati wopalasa bwato mokwera Shire. Pobwerera mphepo yomweyo imaikankha. Mtunda ndi womwewo, koma mphindi ndi mafuta zimasiyana, ndipo tsiku lililonse ndimawerengera mwatsopano. Za dzulo sizithandiza lero.

Dzinja lili ndi zake. Kuyambira October mpaka March, masana ku Johannesburg kumagwa mvula ya ziphaliwali, ndipo ndege zimazungulira mmwamba kudikira kuti mtambo uchoke. Apa ndi pamene ndimaumirira. Mafuta ofikira ku Joni okha sakwanira. Pamafunika ena a zadzidzidzi, ena okafikira bwalo lina monga Gaborone kapena Durban ngati OR Tambo yatsekeka, ndi ena a mphindi 30 amene lamulo limati akhale akadalimo ndege ikamatera. Mafuta ndi olemera, ndipo akachuluka, katundu wina amatsala. Bwalo la OR Tambo lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,700. Kukatentha mpweya umapepuka, ndege imafuna msewu wautali kuti inyamuke, ndipo makatoni a amalonda obwerera kumudzi nthawi zina amadikira ndege yotsatira. Zimandipweteka, chifukwa ndimadziwa kuti m'katoni muja muli mpamba wa munthu. Koma mafuta a chitetezo sindichotsapo ngakhale dontho.

Inu amene muli ndi ndege ina yokakwera ku Johannesburg, makamaka m'dzinja madzulo, musadalire maola awiri ndi theka aja okha. Siyani maola atatu pakati pa kutera kwanu ndi kunyamuka kwa ndege yachiwiriyo.